Bwalo la masewera nalonso ndi kalasi



Chaka ndi chaka, mayeso a MSCE akamayandikira, ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu kumafika pempho limodzi lomwelo. Kholo limabwera mwaulemu n'kupempha kuti mwana wake wa Fomu 4 achotsedwe m'timu ya sukulu kuti masana azikhala pa buku. Mapempho ambiri otere amakhudza atsikana a mpira wamanja. Teremu inonso afika, ndipo makolo ena afunsa komiti ngati sikungakhale bwino kuyimitsiratu zokonzekera masewera mpaka mayeso atatha.

Nkhawa imeneyi sitikuipeputsa. Kholo lomwe limagulitsa tomato mumsika waukulu wa Mzuzu, kapena kupalasa kabaza kuchokera ku Chibavi mpaka ku Luwinga kuti lipeze fizi, liyenera kufunsa kumene nthawi ya mwana wake ikupita. Nafenso aphunzitsi tikudziwa kuti a MANEB sapereka malikisi a zigoli. Satifiketi ya MSCE imafuna kuti mwana akhoze maphunziro asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo, ndipo wofuna malo ku yunivesite ya boma ayenera kukhala ndi makirediti asanu ndi limodzi.

Yankho lathu ndi lakuti kuthamanga pakokha sikukhozetsa mwana masamu. Komabe zimene zimachitika pabwalo zikayezedwa, zikawerengedwa ndi kulembedwa, zimasanduka mafunso omwewo amene mwana amakumana nawo papepala la mayeso. Choncho pempho lathu n'lakuti bwalo lisatsekedwe, koma timu iliyonse izipitako ndi kope ndi pensulo. M'munsimu tikuonetsa kumene nzeru imeneyi yachokera ndi momwe ingagwirire ntchito m'phunziro lililonse.

Nzeru yobwereka ku baseball

Pa masewera onse, otchuka ndi kulemba manambala ndi baseball, omwe amaseweredwa kwambiri ku America, Japan, Cuba ndi Dominican Republic. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 9. Mmodzi amaponya kampira kolimba kakakulu ngati lalanje, wa timu inayo n'kukamenya ndi chibonga. Akakamenya amathamanga kuzungulira ngodya zinayi za sikweya yomwe mbali yake iliyonse ndi mamita 27.43. Akazungulira ngodya zonse n'kubwerera pomwe anayambira, timu yake yapata pointi imodzi.

Mtolankhani wina wa ku New York, Henry Chadwick, yemwe anabadwira ku England ndipo ankakonda cricket, ndi amene anazika mwambo wolemba masewerawa m'tebulo. Kuyambira cha m'ma 1850 iye ankalemba zomwe wosewera aliyense wachita, ndipo nyuzipepala zinatengera. Mpaka lero mwana wokonda baseball amadziwa kugawa manambala asanazindikire kuti akuchita masamu. Mwachitsanzo, m'chaka cha 1941 Ted Williams wa timu ya Boston Red Sox anamenya bwino mpira maulendo 185 pa mipata 456. Mukagawa 185 ndi 456 mupeza 0.406. Nambala imeneyi imakumbukiridwa kwambiri ku America, ngakhale ikutanthauza kuti katswiriyo ankalephera pafupifupi kasanu ndi kamodzi pa mipata khumi iliyonse.

M'chaka cha 2002 timu ya Oakland Athletics, yomwe inali ndi ndalama zochepa poyerekeza ndi matimu ngati New York Yankees, inasankha osewera poyang'ana manambala amene ena ankawanyalanyaza, ndipo inapambana masewero 20 motsatizana. Kuno ku Africa, ana a ku Lugazi m'dziko la Uganda anakhala timu yoyamba ya mu Africa kukasewera mpikisano wa ana wa Little League World Series ku Williamsport, America, m'chaka cha 2012.

Pasukulu pathu tilibe zibonga kapena magolovesi a baseball. Tili ndi mpira wamanja ndi mpira wamiyendo. Chomwe tikubwereka ndi chizolowezi chokha: chilichonse chochitika pabwalo chilembedwe, kenako chilowe m'kalasi.

Masamu a chingwe ndi zikhomo

Phunziro loyamba limayamba mpira usanatuluke mu ofesi. Mvula ya kuno ku Mzuzu imakokolola mizere ya bwalo, ndiye teremu iliyonse timayenera kuilembanso. Kale ntchito imeneyi inkagwiridwa ndi maso okha, ndipo bwalo linkatuluka lopendekeka. Tsopano aziigwira ndi a Fomu 2, ndi tepi, chingwe, zikhomo ndi phulusa.

Bwalo la mpira wamanja ndi lotalika mamita 30.5 ndipo m'lifupi ndi mamita 15.25. Limagawidwa patatu mofanana, choncho gawo lililonse ndi mamita 10.17. Kumapeto kulikonse kuli theka la bwalo lozungulira, lomwe limalembedwa pomanga chingwe cha mamita 4.9 pansi pa mtengo wa golo n'kuchizunguliza. M'menemo ndi momwe ochinya amaloledwa kuponyera mpira m'mphete.

Vuto limakhala pa ngodya. Tidziwa bwanji kuti ngodya yathu ndi ya madigiri 90 enieni? Tengani chingwe cha mamita 12, muike mfundo pa mamita 3 ndi pa mamita 7, kenako mulumikize nsonga zake. Ana atatu akagwira pa mfundozo n'kukoka, papangika thirayango ya mbali za mamita 3, 4 ndi 5. Ngodya ya pakati pa mbali ya 3 ndi ya 4 ndiyo ya madigiri 90, chifukwa 9 kuphatikiza 16 ndi 25. Limeneli ndi lamulo la Pythagoras lomwe ana amaliloweza m'kalasi, ndipo ndi njira yomwe amisiri omanga nyumba amagwiritsa ntchito poika maziko.

Tikamaliza timayesa ntchito yathu. Ngati bwalo lili bwino, chingwe chodutsa pakati kuchokera pa ngodya imodzi kukafika pa ngodya yoyang'anizana nayo chiyenera kukhala mamita 34.1, ndipo chinzake chopingasa chiyenera kufanana nacho. Zikasiyana, chikhomo china chalakwika ndipo tizula. Mwana amene wazulapo chikhomo kawiri dzuwa likumuwomba saiwalanso chifukwa chake timachulukitsa nambala ndi iyo yomwe.

Apa mpamenenso mawu a m'buku amapeza thupi. Kukula kwa bwalo lonse ndi masikweya mita 465 ndi pang'ono. Theka lozungulira lija ndi masikweya mita 37.7. Wochinya amene wawerengera yekha nambala imeneyi amadziwa kuchepa kwa malo amene iye ndi mnzake akulimbirana ndi otchinga awiri.

Wochinya bwino ndani?

Mkangano wa timu iliyonse ndi wakuti ayambe masewero ndani. Kope limathandiza kuuthetsa popanda kukondera. Tiyerekeze kuti mtsikana wina waponya kanayi n'kuchinya katatu, pamene mnzake waponya maulendo 40 n'kuchinya 28. Woyambayo ali ndi 75 peresenti, wachiwiri 70 peresenti. Kodi woyambayo ndiye katswiri? Ana ambiri amayankha msanga kuti inde. Koma akadaphonya kawiri pa zinayi zija, akadatsikira pa 50 peresenti. Manambala ochepa amanama. Kuona maso a nkhono n'kudekha: tiyenera kulemba kwa masabata angapo tisanaweruze. Mfundo imeneyi ndi mtima wa mutu wa statistics, ndipo idzawathandiza anawa tsiku lina akadzamva wotsatsa malonda akunena kuti mankhwala ake achiza anthu atatu mwa anayi.

A Fomu 3 ndi 4 angapitirire apo. Ngati wochinya amagoletsa kasanu ndi kawiri pa khumi, mwayi woti achinye katatu motsatizana ndi 0.7 kuchulukitsa ndi 0.7 kuchulukitsanso ndi 0.7, zomwe zikupereka 0.343. Ndiye kuti ngakhale wochinya wabwino amakwanitsa zimenezi kamodzi kokha pa maulendo atatu. Timu yodziwa izi siikalipira mnzawo akaphonya, imathamangira kukalanda mpira ukagunda mphete.

Tikamafunsa kuti wochinya wa zigoli 28 pa 40 ayenera kuchinya zingati motsatizana kuti afike pa 75 peresenti, tafika pa algebra. Yankho ndi 8, chifukwa 36 pa 48 ndi magawo atatu mwa anayi. Mawu akuti algebra anachokera ku liwu la Chiarabu lakuti al-jabr, lomwe lili m'dzina la buku la al-Khwarizmi, katswiri wa ku Baghdad wa zaka za m'ma 800. Mafunso ambiri m'buku lakelo anali a moyo wa tsiku ndi tsiku, monga kuyeza minda, malonda ndi kugawa chuma cha masiye.

Fizikisi ya mpira uli m'malere

Mphete ya mpira wamanja ili pamtunda wa mamita 3.05 ndipo kukamwa kwake ndi masentimita 38. Mpirawo ndi wa masentimita pafupifupi 22 kuchokera mbali ina kufika ina. Mpira ukamatsika molunjika kuchokera pamwamba umapeza khomo lonse la masentimita 38. Ukamabwera chopendekeka, khomolo limachepa. Kukula kwake kumapezeka pochulukitsa 38 ndi sine ya ngodya imene mpira ukutsikira. Pa madigiri 60 khomo ndi masentimita 33. Pa madigiri 45 ndi masentimita 27. Pa madigiri 30 ndi masentimita 19 okha, ndipo mpira sungalowe osagunda chitsulo. Malire ali pa madigiri pafupifupi 36. N'chifukwa chake mphunzitsi wa timu amakuwa kuti mpira ukwere. Iye anaphunzira zimenezi poona, ndipo trigonometry ikumuvomereza.

Kwa anyamata, tengani penate. Mpira umaikidwa mamita 11 kuchokera pa golo lomwe ndi la mamita 7.32 m'lifupi ndi mamita 2.44 kupita m'mwamba. Ukamenyedwa pa liwiro la mamita 25 pa sekondi, lomwe ndi makilomita 90 pa ola, ufika pagolo m'masekondi 0.44. Munthu amatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi kuti maso auze ubongo, ubongo n'kuuza minofu. Nthawi yotsalayo siikwana kuti goloboyi adumphe kukafika pakona, n'chifukwa chake ambiri amasankhiratu mbali. Womenya baseball ali pa mavuto ofanana: mpira umachokera mamita 18.44, ndipo pa liwiro la mamita 40 pa sekondi umamupeza m'masekondi 0.46. Mafunso onsewa ndi amodzi: nthawi ndi mtunda kugawa ndi liwiro.

Ambiri tikukumbukira chigoli cha Gabadinho Mhango pa 25 Januwale 2022 ku Yaoundé, pamene Flames inkasewera ndi Morocco mu ndime ya matimu 16 ya mpikisano wa Africa Cup of Nations. Anamenya mpira ali pamtunda wopitirira mamita 30, unakwera, n'kutsikira kumbuyo kwa goloboyi. Tinagonja 2-1, koma njira imene mpira uja unayenda ndi parabola yomwe a Fomu 3 amajambula pa pepala la girafu. Buku limati chinthu choponyedwa chimafika patali kwambiri chikanyamuka pa madigiri 45. Pabwalo mudzapeza kuti mpira umapita patali ukanyamuka motsikirapo, chifukwa mpweya umaukankha. Mwana akaona kusiyana kumeneku n'kufunsa chifukwa chake, wayamba kuganiza ngati wasayansi.

Bayoloje ya thupi lako lomwe

Chida choyezera apa ndi zala ziwiri ndi wotchi. Musanayambe kuthamanga, gwirani mtsempha wa padzanja, muwerenge kugunda kwa masekondi 15, muchulukitse ndi 4. Munthu wopuma mtima wake umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi. Thamangani mozungulira bwalo kawiri, muwerengenso nthawi yomweyo, kenako pakatha mphindi imodzi, ziwiri ndi zitatu. Manambala asanuwa akupatsani girafu. Mukabwereza pakatha masabata asanu ndi limodzi a zokonzekera, ambiri mudzaona kuti mtima ukubwerera msanga m'malo mwake.

Kufotokoza girafu imeneyi ndi silabasi yonse ya kayendedwe ka magazi ndi kapumidwe. Minofu yogwira ntchito imafuna mpweya wa okosijeni kuti itulutse mphamvu mu shuga. Mtima umafulumira kuti uufikitse. Okosijeni akapanda kukwanira, minofu imatulutsa mphamvu popanda iye n'kupanga lactic acid, ndipo wefuwefu amene amapitirira mutaima kale ndi thupi likubweza ngongole ya okosijeniyo. Sing'anga wa ku Cairo, Ibn al-Nafis, yemwe anamwalira mu 1288, anafotokoza kuti magazi amachoka kudzanja lamanja la mtima, kudutsa m'mapapo, n'kubwerera kumanzere. William Harvey wa ku England anadzafotokoza kayendedwe ka magazi m'thupi lonse mu 1628.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 60 patsiku. Mwana wa Fomu 4 wokhala pa desiki kuyambira m'mawa mpaka usiku sapeza zimenezi, ndipo kawirikawiri ndi yemweyo amene amadandaula mutu ndi kusowa tulo mayeso akayandikira.

Za zakudya nazo zimamveka bwino pabwalo. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene achipatala amatiphunzitsa amaoneka m'mbale ya wosewera: nsima kapena kondowole wopatsa mphamvu, usipa wa ku Nkhata Bay ndi nyemba zomanga thupi, masamba obiriwira, nthochi, ndi mtedza wopereka mafuta. Atsikana amene amatopa msanga ndi kuchita chizungulire tiziwatumiza kuchipatala kukayezetsa magazi, pakuti kuchepa kwa ayironi m'thupi n'kofala pa msinkhu umenewu ndipo kumasokonezanso kumva m'kalasi. M'mwezi wa Ramadhan zokonzekera zizikhala zazifupi ndi zopepuka, popanda kuthamanga kwambiri, ndipo phunziro la mwezi umenewo lizikhala la madzi m'thupi: kuchuluka kwa amene timataya m'thukuta, ndi momwe tingawabwezere pakati pa futari ndi daku.

Jogalafe ya mpweya ndi mthunzi

Mzuzu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Nkhata Bay, yomwe ili pa ulendo wa makilomita osakwana 50, ili pa mamita osafika 500. Mpweya wa kuno ndi wopepuka. Kupanikiza kwake ndi pafupifupi 87 kPa, pomwe m'mphepete mwa nyanja yamchere ndi 101 kPa. Ndiye kuti tikakoka mpweya kamodzi timalandira okosijeni wocheperapo kusiyana ndi munthu wa ku Beira kapena ku Dar es Salaam. Kutentha nako kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse amene takwera, n'chifukwa chake timu yathu ikatsikira kunyanja imadandaula kutentha, pamene alendo akabwera kuno mu Juni amapempha majuzi. Ku Denver, America, komwe kuli pamtunda wa mamita 1,600, mpira wa baseball umauluka patali kusiyana ndi m'mizinda ya m'mphepete mwa nyanja, chifukwa mpweya woukankha ndi wochepa.

Mtengo wa golo ungakhalenso wotchi ya dzuwa. Mzuzu ili pa madigiri pafupifupi 11.5 kummwera kwa equator, choncho dzuwa limadutsa pa liwombo penipeni kawiri pachaka, cha pa 23 Okutobala ndi cha pa 19 Febuluwale. Masiku amenewo, masana, mthunzi wa mtengo wa mamita 3.05 umangotsala pang'ono kusowa. Cha pa 21 Juni mthunziwo umakhala mamita 2.1 ndipo umaloza kummwera. Cha pa 21 Disembala umakhala masentimita pafupifupi 65 ndipo umaloza kumpoto. Ana akayeza mthunzi umenewu kamodzi pa sabata kwa chaka chonse, adzakhala ataona ndi maso awo kupendekeka kwa dziko komwe kumabweretsa nyengo.

Adzaonanso kuti mthunzi umafupika kwambiri 12 koloko isanakwane. Nthawi ya dziko la Malawi imatengedwa pa mzere wa madigiri 30 kummawa, pamene Mzuzu ili pa madigiri 34. Dziko limatembenuka digiri imodzi pa mphindi zinayi, ndiye ife dzuwa limatipeza msanga ndi mphindi 16. Apa akuluakulu a mzikiti aona kale kumene tikupita. Nthawi ya Swala ya Dhuhr imalowa dzuwa likangopendeka kuchoka pa liwombo, ndipo malinga ndi chiphunzitso cha Imam Shafi'i, ya Asr imalowa mthunzi wa chinthu ukafanana ndi kutalika kwake kuphatikiza mthunzi umene chinali nawo masana. Pa mtengo wathu uja, mu Juni, ndiye kuti mamita 3.05 kuphatikiza 2.1. Ana amene amangowerenga nthawi pa kalendala ya kumzikiti adzadziwa kumene manambala ake amachokera, ndipo tikupempha a shehe kuti tsiku lina adzayeze nawo.

Zilankhulo ndi mbiri

Pakatha masewero alionse, ophunzira awiri azilemba lipoti, wina m'Chingerezi wina m'Chichewa, mawu osapitirira 200. Lipoti labwino limanena amene anasewera, kumene anasewerera, tsiku, zotsatira ndi chimene chinatembenuza masewero. Limafuna aneni a nthawi yakale olondola ndi ndime zotsatana bwino, zomwe ndi zimene woyesa mayeso amayang'ana pa chimangirizo. Mwana amene amauma mutu akapatsidwa mutu wa nkhani ya kutali sasowa cholemba pa masewero amene wangotuluka kumene. Malipoti abwino tiziwasindikiza m'kalata ino.

Pabwalo pathu pamamveka Chitumbuka, Chiyao, Chitonga ndi Chichewa nthawi imodzi. Tikufuna a Fomu 1 asonkhanitse mawu a masewera m'zilankhulo zonsezi, kuyambira chikulunga, fulaye ndi phada mpaka ntchemberembaye, ndipo afunse agogo awo masewera amene ankachita ali ana. Kumeneko ndiye kufufuza mbiri kuchokera pakamwa pa akuluakulu, monga momwe buku la Fomu 1 limanenera.

Mbiri ya mpira wamanja imatiyendetsa dziko lonse. Unachokera ku basketball, yomwe James Naismith anayambitsa ku Springfield, America, mu 1891. Aphunzitsi achizimayi a ku England anaisintha, n'kusindikiza malamulo ake mu 1901, ndipo inafalikira kudzera m'sukulu za maiko amene ankalamulidwa ndi Britain. N'chifukwa chake matimu amphamvu ndi a Australia, New Zealand, England, Jamaica, South Africa, Uganda ndi Malawi. Mpikisano woyamba wa dziko lonse unachitikira ku Eastbourne mu 1963, ndipo unafika ku Africa koyamba mu 2023 ku Cape Town. Timu yathu ya Queens inatenga nambala 5 ku Auckland mu 2007, ndipo mu 2018 ku Gold Coast inagonjetsa New Zealand 57-53. Mwawi Kumwenda, mwana wa m'boma la Mzimba, anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa mpikisano wa dziko lonse ku Sydney mu 2015. Ku mpira wamiyendo, Tabitha ndi Temwa Chawinga a ku Rumphi atchuka ku Ulaya, China ndi America. Mwana amene angaloze mizinda yonseyi pa mapu waphunzira jogalafe ndi mbiri ya utsamunda nthawi imodzi.

Tinenenso chilungamo pamenepa. Mwa ana zikwizikwi amene amasewera, amene amadya za mpira ndi owerengeka, ndipo ngakhale iwowo bondo limodzi likhoza kuwathera ntchito. Sitikulonjeza kholo lililonse kuti mwana wake adzakhala Mwawi. Tikulonjeza kuti ola limene wathera pabwalo lidzabwera ndi kanthu m'kope.

Zomwe tikupempha

Kwa a komiti, tikupempha kuti zokonzekera zipitirire masiku awiri pa sabata, ola limodzi patsiku, kuyamba Swala ya Asr ikatha ndi kuweruka nthawi yabwino kuti mwana wa ku Mchengautuwa kapena ku Zolozolo akafike pakhomo Maghrib isanakwane. Tikupemphanso makope anayi a chikuto cholimba, tepi imodzi ya mamita 30 ndi wotchi yowerengera masekondi. Atsikana azisewera pa bwalo lawo, atavala mathalauza a masewera, malaya aatali ndi hijab, mphunzitsi wamkazi alipo. Ngakhale malamulo a mpira wamiyendo a dziko lonse analola zovala za kumutu kuyambira mu 2014.

Kwa ophunzira, kope lizizungulira. Sabata iliyonse alembi azikhala ena, ndipo amene sangathe kuthamanga chifukwa cha mphumu kapena ulumali ali ndi malo m'timu ngati oyeza ndi olemba. Mphunzitsi wa phunziro lililonse azitenga funso limodzi pa sabata kuchokera m'kopemo. Wosewera amene malikisi ake atsika pa mayeso awiri otsatizana tidzakhala naye pansi pamodzi ndi kholo lake, ndipo ngati mpira ndiwo wachititsa, adzayamba wapuma. A Fomu 4 adzasiya masewero a mpikisano kutatsala mwezi umodzi kuti mayeso ayambe, koma azibwerabe kudzawongola miyendo.

Kwa makolo, pempho ndi limodzi. Musanamuchotse mwana m'timu, bwerani tsiku la zokonzekera, muitanitse kope, mumufunse kuti akufotokozereni tsamba limodzi. Akalephera, dandaulo lanu lidzakhala lomveka ndipo tidzalilandira. Safunsa anadya phula.

Ntchito ya sabata ino

Fomu 1: Yezani m'litali ndi m'lifupi mwa bwalo la mpira wamanja ndi mapazi anu, kenako ndi tepi. Phazi lanu ndi masentimita angati? Munthu wothamanga mozungulira bwalolo kasanu wayenda mamita angati?

Fomu 2: Pali mtundu wina wa baseball wotchedwa Baseball5, woseweredwa ndi anthu asanu mbali iliyonse, womenya mpira wa labala ndi dzanja popanda chibonga. Ngodya zake zinayi zimatalikirana mamita 13. Lembani sikweya imeneyi pansi pogwiritsa ntchito chingwe cha 3, 4, 5, muwerengere kutalika kwa mzere wodutsa pakati, kenako muuyeze ndi tepi. Mwasiyana ndi masentimita angati?

Fomu 3: Aliyense aponye mpira m'mphete maulendo 20 ali pa mita imodzi, 20 ali pa mamita awiri ndi 20 ali pa mamita atatu. Jambulani girafu ya peresenti ya zigoli poyerekeza ndi mtunda, ndipo mufotokoze mawonekedwe ake m'ziganizo zitatu.

Fomu 4: Yezani mthunzi wa mtengo wa golo mphindi khumi zilizonse kuyambira 11 koloko mpaka 12:30. Unafupika kwambiri nthawi yanji? Gwiritsani ntchito tangent kupeza ngodya ya dzuwa pa nthawi imeneyo.

Mayankho aperekedwe kwa aphunzitsi a masamu Lachinayi lisanadutse. Amene alembe bwino tidzawatchula m'kalata yotsatira, Insha Allah.

Wassalam alaikum.

Aphunzitsi a masamu, sayansi ndi masewera